Radio Garden: app imene ndimatsegula ndale zikatentha kwinakwake

Ndale zikafika potentha, kaya ndi usiku wodikira zotsatira za chisankho, kaya mtsogoleri wamwalira, kaya asilikali alanda boma m'bandakucha, kaya anthu adzadza m'misewu ndi mademo, ambirife timathamangira Facebook ndi X kukaona timavidiyo, ena amayatsa TV ya nkhani n'kukhala pamenepo mpaka maso kufiira. Ine ndili ndi funso lina limene limandivuta nthawi zoterezi ndipo TV siyimandiyankha: anthu a kumeneko, eni ake a nkhaniyo, akumvera nyimbo zanji pakali pano? Osati nyimbo imene mtolankhani wayika pansi pa lipoti lake ayi, koma imene ikulira m'galimoto, m'khitchini, pa kawailesi ka mlonda amene sakugona. App imene imandifikitsa pafupi ndi yankho ndi Radio Garden, nde ndati ndilembe ndemanga yanga, zabwino zake ndi pamene imalephera, chifukwa polephera palipo ndithu ndipo ena mwa malo amenewo ndi aakulu.

Kwa amene simunayionepo, ndi chinthu chosavuta. Mukatsegula, kaya pa foni kaya pa kompyuta pa adiresi ya radio.garden, mumaona dziko lonse lapansi lili lobulungira, lodzadza timadontho tobiriwira, ndipo kadontho kalikonse ndi tawuni kapena mzinda umene uli ndi wailesi imene ikuulutsa pa intaneti. Mumazunguliza dzikolo ndi chala, kadontho kakalowa m'kabwalo kamene kali pakati pa sikirini wailesi ya kumeneko imayamba kulira pompo, laivi, zimene akumva eni ake nthawi yomweyo. Mzinda ukakhala ndi masiteshoni ambiri amakupatsani mndandanda musankhe nokha, mukhozanso kusaka ndi dzina la dziko, la mzinda kapena la wailesi, ndipo imene mwaikonda mumaisunga kuti mawa musavutike kuifuna. Inayamba mu December 2016 ku Netherlands, inali ntchito ya kafukufuku wa za wailesi imene inakhudza bungwe la Netherlands Institute for Sound and Vision pamodzi ndi anthu okonza mapulogalamu a Studio Puckey ndi Moniker ku Amsterdam, kenako inakula n'kukhala kampani payokha. Masiteshoni alimo masauzande ambirimbiri. Kumvera ndi kwaulere, sakufunsani ngakhale kutsegula akaunti kuti muyambe.

Nde mwina wina afunsa kuti bwanji osangotsegula Spotify kapena YouTube n'kulemba kuti nyimbo za zionetsero, si zibwera mbwee? Zibweradi, ndipo mapulelisiti amenewo ndilibe nawo mlandu, koma pulelisiti inakonzedwa kale ndi munthu amene sanadziwe kuti lero kuchitika chani, ndipo makina amene amakusankhirani nyimbo yotsatira amayang'ana inuyo, zimene munakonda dzulo, sayang'ana zimene zikuchitika panja. Pa wailesi ndi zina. Pamakhala munthu wamoyo mu situdiyo amene wangowerenga nkhani yoopsa, mwina mawu akunjenjemera, ndipo ayenera kusankha mumasekondi ochepa kuti ikatha nkhaniyi ayike chani, akudziwa kuti anthu masauzande akumumvera ndipo ena akulira, ena akusangalala, ena ali ndi mantha, komanso akudziwa kuti bwana wake ndi boma akumveranso. Kusankha kumeneko ndi kumene ine ndimakufuna. Nyimbo imene DJ wayika mphindi imeneyo imandiuza zambiri za mtima wa dzikolo kuposa ndemanga za akatswiri anayi atakhala pa tebulo.

Ndipo si maganizo anga okha kuti wailesi ndi nyimbo zimayendera limodzi ndi ndale, mbiri ili ndi umboni. Taonani za ku Portugal mu 1974. Dzikolo linali pansi pa ulamuliro wankhanza kwa zaka zoposa 40, nthawi imeneyo mtsogoleri anali Marcelo Caetano, ndipo asilikali achinyamata anali atatopa ndi nkhondo za ku Angola, Mozambique ndi Guinea-Bissau zimene sizimatha. Atagwirizana zogwetsa boma anafunika chizindikiro choti magulu onse m'makampu osiyanasiyana amve nthawi imodzi popanda kuimbirana foni, nde anasankha nyimbo ziwiri pa wailesi. Yoyamba inalira 10:55 usiku wa pa 24 April pa Emissores Associados de Lisboa, inali "E Depois do Adeus" ya Paulo de Carvalho, nyimbo yachikondi imene inayimira Portugal ku mpikisano wa nyimbo wa maiko a ku Europe wotchedwa Eurovision chaka chomwecho, moti palibe wapolisi akanaikayikira. Yachiwiri inalira 12:20 usiku womwewo, kutalowa kale tsiku la 25 April, pa Rádio Renascença, "Grândola, Vila Morena" ya José Afonso, woimba amene boma linkamuona ngati mdani, ndipo imeneyo inatanthauza kuti nyamukani, palibenso kubwerera. Pofika madzulo boma linali litagwa, ndipo chaka chotsatira Mozambique inalandira ufulu pa 25 June 1975, Angola mu November. Tangoganizani, munthu wamba amene anali maso usiku umenewo akumvera wailesi anamva chizindikiro cha kugwa kwa boma asakudziwa. Wailesi ya Renascença ilipobe mpaka lero. Ndikamazunguliza kadziko ka Radio Garden usiku wa mavuto kwinakwake nkhani imeneyi imakhala m'mutu mwanga, kuti nyimbo imene ikumveka ngati wamba ikhoza kukhala ikunena zina kwa amene akuidziwa.

Palinso nyimbo zimene boma limayika pofuna kutseka pakamwa. Ku Soviet Union anthu anazolowera kuti TV ikasiya mapulogalamu onse n'kuyamba kuonetsa gule wa Swan Lake wa Tchaikovsky ndiye kuti kumtunda kwachitika zinazake zimene sakufuna kunena, ndipo pa 19 August 1991, pamene gulu la akuluakulu linayesa kulanda boma kwa Mikhail Gorbachev, anthu anadzuka n'kupeza gule yemweyo pa sikirini. Chizindikirocho chinakhazikika kwambiri moti mu March 2022 TV Rain, kanema woyima payekha wa ku Russia, pamene amayimitsa ntchito chifukwa cha kupanikizidwa ndi boma nkhondo ya ku Ukraine itangoyamba, anatsanzika poonetsa Swan Lake yemweyo, aliyense anamva tanthauzo. M'maiko ambiri a mu Africa chofanana nacho ndi nyimbo za bandi ya asilikali, wailesi ya boma ikangoyamba kuliza maperete okhaokha m'mawa popanda wolankhula anthu amadziwa kuti posachedwa msilikali wina awerenga chikalata. Pa Radio Garden zimenezi mukhoza kuzimva ndi makutu anu zikuchitika, bola wailesiyo ikhale ikadali pa intaneti, ndipo pa bola ameneyo ndibwereranso.

Tsiku limene app imeneyi inandigwira mtima kwambiri ndi pa 8 September 2022, Mfumukazi Elizabeth II atamwalira. Kaya mumawakonda a ufumu wa Britain kaya ayi, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo anthu ambiri a m'maiko amene analamulidwa ndi Britain ali ndi zifukwa zomveka zosalirira, koma chimene ndinamva pa mawailesi chinali chodabwitsa. Masiteshoni a ku London, Manchester, Glasgow, amene masiku onse amakhala phokoso lokhalokha, nthabwala, mipikisano, nyimbo zovina, onse anatsitsa mawu nthawi imodzi, kunali nyimbo zodekha zokhazokha, ngakhale mawailesi a achinyamata, owulutsa akulankhula pang'onopang'ono ngati si omwe aja. Zimaoneka kuti anakonzekera kalekale, ndipo n'zoona, mawailesi a kumeneko amakhala ndi dongosolo ndi mndandanda wa nyimbo zosungira tsiku la imfa ya munthu wamkulu chonchi. Kenako ndinangosuntha chala pang'ono kuwoloka nyanja kupita ku Dublin, kenako Kingston, kenako Nairobi, ndipo kumeneko nkhani inalipo inde koma moyo umapitirira, nyimbo zovina zili m'malo mwake, ena pa foni akukambirana za atsamunda. Kusiyana kumeneko, mphindi imodzi yomweyo, palibe nyuzipepala imene ikanandionetsa bwino chonchi.

Usiku wa chisankho ndi pamene ndimaigwiritsa ntchito kwambiri, ndipo apa ndikupatseni njira yanga. Musakhale pa likulu pokha. Likulu limakhala ndi mawailesi akuluakulu amene amasamala mawu, amaika nyimbo zapakatikati zosakhumudwitsa aliyense, nthawi zambiri zokamba za mtendere ndi umodzi. Pitani ku timadontho ting'onoting'ono, m'matawuni a chigawo chimene chikuoneka kuti chikupambana, mumve mmene ng'oma zikukwerera zotsatira zikamatuluka, DJ akukuwa pamwamba pa nyimbo, anthu akuyimba foni kupempha nyimbo ya chipani kapena ya woimba wa kwawo, kenako mulumphe kupita ku chigawo chimene chikugonja. Kumeneko n'kumene ndaphunzira zambiri. Ndimayembekezera nyimbo zaukali koma kawirikawiri ndimapeza nyimbo zauzimu, makwaya, nyimbo zakalekale za makolo awo, zachikondi zosweka mtima, pena wowulutsa amangosiya nyimbo zitatu zinayi zitsatizane osanenapo kanthu. Anthu ogonja safuna kuuzidwa zochita usiku umenewo, amafuna wina akhale nawo basi. Ndipo ukamva zimenezo zimakuvuta kuwada anthu amenewo ngakhale utakhala kuti mbali yawo suigwirizana nayo, chifukwa wamva kuti akupwetekedwa ngati mmene iwe unapwetekedwera tsiku lina. Pa ichi chokha ine app imeneyi ndimaiyamikira kuposa china chilichonse chili mu foni mwanga.

Pali nthawi zinanso pamene mawailesi amagwirizana dala. Pa 4 March 2022, patangopita masiku ochepa Russia italowa mu Ukraine pa 24 February, mawailesi ambiri a ku Europe anayika nyimbo imodzi nthawi imodzi m'mawa, "Give Peace a Chance" ya John Lennon, moti munthu wozunguliza kadzikoko akanaipeza ku Berlin, n'kuipezanso m'dziko loyandikana nalo isanathe. Ku Ukraine kwenikweniko wailesi inasintha kwambiri, tsiku lililonse 9 koloko m'mawa dziko limakhala chete kwa mphindi imodzi kukumbukira ophedwa pa nkhondo, ndipo mu June 2022 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo loletsa kuulutsa nyimbo za oimba amene ndi nzika za Russia. Mukatsegula siteshoni ya ku Kyiv kapena Lviv lero mukumva zotsatira za zisankho zimenezo, nyimbo zambiri za m'chiyankhulo chawo, ndipo simufunika kumva liwu ndi limodzi lomwe kuti muzindikire kuti anthuwa akuyimba ali pa nkhondo.

Chimene ndaphunzira china n'chakuti muzimveranso zimene palibe. Nyimbo imene yasowa mwadzidzidzi imalankhula. Ku America zitachitika za pa 11 September 2001, mkati mwa kampani ya Clear Channel, imene inali ndi mawailesi oposa 1,000 ndipo pano imatchedwa iHeartMedia, munayenda mndandanda wa nyimbo zoposa 150 zimene amati mwina si bwino kuziyika masiku amenewo, zina chifukwa zimatchula ndege, moto kapena kugwa. Kampaniyo inati sikunali kuletsa koma kulangiza chabe, komabe DJ wolembedwa ntchito akalandira malangizo otere mukudziwa mmene zimathera. Mu March 2003, nkhondo ya ku Iraq ili pafupi kuyamba, woimba wa gulu la Dixie Chicks, Natalie Maines, ananena pa siteji ku London mawu odzudzula pulezidenti George W. Bush, ndipo mawailesi ambiri a nyimbo za country anachotsa nyimbo za gululo, gulu limene linali pamwamba penipeni nthawi imeneyo. Nde ngati mwakhala mukumvera siteshoni ina kwa kanthawi n'kuona kuti woimba amene amalira tsiku lililonse wangoti zii sabata ya mademo, funsani kuti walankhula chani. Izi zimafuna kuti wailesiyo muidziwe nthawi ya mtendere, musadikire mavuto kuti muyambe kuimvera, apo ayi simudziwa chimene chasintha.

Tsopano zolephera, ndipo choyamba ndi chachikulu kwambiri moti chimakhudza chifukwa chenicheni chimene ndimaikondera. Radio Garden siyigwira mafunde a FM kapena a shortwave (mafunde a wailesi amene amafika kutali kwambiri, kudutsa malire a maiko), imangotenga zimene wailesi yayika yokha pa intaneti. Ndiye nthawi imene mukuifunitsitsa, nthawi imene zinthu zafika poipa, ndi nthawi yomweyo imene maboma amathimitsa intaneti. Egypt anachita zimenezi kumapeto kwa January 2011, Sudan mu June 2019, Iran mu November 2019, Uganda pa chisankho cha January 2021, Myanmar asilikali atalanda boma mu February 2021. Intaneti ikathima situdiyo singatumize mawu kunja, kadontho kamakhalapo kobiriwira bwinobwino koma mukakagwira palibe chimene chikutuluka, pamene anthu a m'dzikomo akumvabe wailesi yawo pa kawailesi ka mabatire. Si mlandu wa okonza app, iwo sangachitepo kanthu, koma wogwiritsa ntchito ayenera kudziwa, makamaka amene ali ndi abale m'dziko limene muli chipwirikiti ndipo akuganiza kuti app imeneyi ikhala khutu lake. Ndipo ngati mavutowo ali kwanu komweko, musadalire foni, sungani wailesi yeniyeni ndi mabatire. Ngakhale BBC mu March 2022 inabwezeretsa mawu a shortwave opita ku Ukraine ndi mbali zina za Russia pa chifukwa chomwechi, njira yakale ija sidalira kampani ya netiweki. Pena si intaneti imene yathima koma wailesiyo yatsekedwa, ngati Ekho Moskvy ya ku Moscow imene inachotsedwa pa mphepo pa 1 March 2022.

Chachiwiri n'chakuti m'maiko amene boma lagwira mawailesi onse, nyimbo imene anthu akuyimba mumsewu simuipeza pa wailesi ngakhale mutazunguliza usiku wonse. Chitsanzo ndi Iran mu 2022, mtsikana wina dzina lake Mahsa Amini atamwalira ali m'manja mwa apolisi mu September, dziko lonse linagwedezeka ndipo nyimbo imene inakhala mawu a zionetserozo inali "Baraye" ya Shervin Hajipour. Mnyamatayo anaiyika pa Instagram, osati pa wailesi, inafalikira pa mafoni, iye anamangidwa patangopita masiku ochepa, ndipo mu February 2023 nyimboyo inalandira mphoto yapadera ya Grammy ya nyimbo yolimbikitsa kusintha. Munthu amene akanangomvera mawailesi a ku Tehran masiku amenewo akanaganiza kuti nyimboyo kulibe. Nde apa mfundo yanga ija yoti wailesi imakuuza mtima wa dziko iyenera kuchepetsedwa mphamvu pang'ono: imakuuza mtima wa dziko pamene DJ ali ndi ufulu wosankha, pamene alibe imakuuza zimene boma likufuna kuti mtima wa dziko ukhale. Zonse ziwiri n'zothandiza kuzidziwa koma musazisokoneze. Njira imene imathandiza ndi kusaka mawailesi a anthu a dzikolo amene ali kunja, m'mizinda ngati London, Toronto, Los Angeles, Paris, kumeneko nyimbo zoletsedwa zimalira poyera, ngakhale nawonso ali ndi mbali yawo imene akukoka.

Zina ndi zing'onozing'ono koma zimawawa. Zonse ndi laivi, palibe kubweza m'mbuyo, nyimbo ikakudutsani yakudutsani, ndipo mphindi ngati ija ya Portugal itachitika lero inu muli m'bafa simudzaimvanso pa app imeneyi. Si wailesi iliyonse imene imakuuzani dzina la nyimbo kapena la woimba, nde mumamva chinthu chimene chakulasani mtima m'chiyankhulo chimene simuchidziwa ndipo mulibe poyambira kuchifuna, ine ndimathandizidwa ndi Shazam, app imene imamvera nyimbo n'kukuuza dzina lake, pa foni ina koma nyimbo za oimba ang'onoang'ono a kumidzi nthawi zambiri siziwadziwa. App siyikuuzaninso kuti wailesi iyi ndi ya boma, iyi ndi ya mpingo, iyi mwini wake ndi wandale, timadontho tonse ndi tofanana kubiriwira kwake, ndipo pa nthawi ya ndale kudziwa mwini wailesi ndi theka la nkhani. Ndikanakonda akanayikapo kamzere kamodzi kokha kofotokoza zimenezo. Pakali pano muyenera kukafufuza nokha dzina la siteshoniyo musanakhulupirire zimene mukumva.

Dziwaninso kuti app yomweyi ndale ndi malamulo zinaikhudza. Ku Turkey inatsekedwa mu January 2022 bungwe loyang'anira zoulutsa mawu la RTÜK litafuna kuti ikhale ndi laisensi. Ku Britain, mu 2022, omvera anayamba kuona kuti akungopatsidwa masiteshoni a m'dziko lawo lokha chifukwa cha nkhani za malaisensi a nyimbo, izi zinabwera pambuyo pa mlandu umene makampani a Sony ndi Warner anapambana kukhoti polimbana ndi TuneIn, app ina ya mawailesi. Nde zimene muone zimadaliranso kumene muli.

Pali chinthu china chimene sindingachisiye, chifukwa ndikangoyamikira nyimbo za pa wailesi nthawi ya ndale osanena ichi ndiye kuti ndanama. Nyimbo imene imagwirizanitsa anthu ndi yomweyo imene imawasonkhanitsa kukapha anzawo. Ku Rwanda wailesi ya RTLM inayamba kuulutsa mu July 1993 ndipo achinyamata anaikonda chifukwa inali yosangalatsa kuposa wailesi ya boma, inkayika nyimbo zotchuka zovina, owulutsa ankacheza momasuka, ndipo pakati pa nyimbozo ndi pamene ankathira chidani pa Atutsi, mpaka mu 1994 anafika potchula maina a anthu ndi malo amene abisala. Khoti la United Nations limene linakhala ku Arusha linapeza olakwa akuluakulu a wailesiyo mu December 2003, kuphatikizapo Ferdinand Nahimana, ndipo mu 2008 linagamula woimba Simon Bikindi, amene nyimbo zake zinkalira kwambiri pa RTLM, kuti akakhale kundende zaka 15 chifukwa cha mawu olimbikitsa kupha amene analankhula pa chimkuzamawu pamsewu. Ndimaganiza zimenezi nthawi zonse ndikapeza siteshoni ya dziko limene chiyankhulo chake sindichimva, ng'oma ikukoma, DJ ali ndi moto, ine mutu ukugwedezeka, ndimadzifunsa kuti kodi akunena chani pakati pa nyimbozi? Kumvera pa Radio Garden kuli ngati kumva phokoso la kwa neba kudzera pakhoma, umadziwa kuti kwatentha koma sungalumbire kuti ndi chisangalalo kapena ndewu. Chonde musatenge kachidutswa ka wailesi imene simukuimva n'kukamwaza pa WhatsApp ndi tanthauzo lanu, funsani kaye munthu wodziwa chiyankhulocho.

Pa nkhani ya bandulo, mawu okha sadya ngati vidiyo. Siteshoni imene ikuulutsa pa 128 kbps imadya pafupifupi 58 MB pa ola, ya 64 kbps theka lake, koma mulingo umenewo amasankha ndi eni wailesi osati inu, ndipo kuzunguliza kadziko kaja nako kumadya pang'ono chifukwa zithunzi za mapu zimakhala zikutsitsidwa, nde mukapeza masiteshoni anu asungeni muzingowatsegula pa mndandanda. Imapitiriza kulira ngakhale mutathimitsa sikirini, zimene zimapulumutsa batire usiku wautali wodikira zotsatira. Ya ulere imakhala ndi zotsatsa malonda pa sikirini, pali ina yolipira imene imazichotsa, koma zotsatsa za wailesi yeniyeniyo zimakhalapobe chifukwa ndi mbali ya zimene akuulutsa, ndipo ine sindidandaula nazo, pena ngakhale kusowa kwa zotsatsa tsiku la maliro a dziko kumakuuza kukula kwa nkhani. Kamvekedwe kamasiyana kwambiri, ena amamveka bwino zedi ena ngati akulankhulira m'chitini, zimadalira zida za siteshoni.

Amene mukufuna kuyesa musadikire tsoka, pali masiku odziwika amene mungamve zimene ndikunenazi. Pa 7 April tsegulani Kigali, ndi tsiku loyamba la sabata yokumbukira anthu ophedwa mu 1994 ndipo mawailesi amasintha kotheratu, nyimbo zake n'zolemera moti simungazimvere mukuchita zina. Pa 25 April pitani ku Lisbon, pa 27 April ku Johannesburg kapena Durban pamene South Africa imakumbukira chisankho cha 1994, pa 16 June ku Soweto pamene amakumbukira zionetsero za ana asukulu za 1976, pa 24 August ku Kyiv pa tsiku la ufulu wa Ukraine, pa 11 September ku Santiago, likulu la Chile, kumene amakumbukira kugwetsedwa kwa pulezidenti Salvador Allende mu 1973, amene mawu ake omaliza kwa anthu anawalankhulira pa Radio Magallanes ndipo patangopita masiku ochepa asilikali anapha woimba Víctor Jara. Pa dziko lililonse sungani masiteshoni osachepera atatu, ya boma imodzi, yoyima payokha ya mumzinda imodzi, ndi ina ya kutali ndi likulu, muziwamvera mosinthanasinthana, ndipo onani kaye kusiyana kwa nthawi chifukwa mapulogalamu a m'mawa ndi a usiku kwambiri ndi amene DJ amakhala womasuka, masana ambiri amangoyendetsa mndandanda wa pa kompyuta.